Amalemba Malire Ndani?

Anzathu, tonse tikuudziwa mkangano wa malire a munda. Munthu wadyera sabwera masana kudzalanda munda wa mnzake. Chaka chino amalima mzere umodzi kupitirira malire, chaka chamawa mzere wina. Mwini munda akamadzazindikira, mtengo wa mango umene anabzala atate ake uli m'munda wa wina. Palibe amene wamenyedwa, palibe nkhokwe imene yathyoledwa, koma munda wachepa.

M'phunziro lino tikamba za malire a mtundu wina. Awa ndi malire a madera a chisankho. Malire amenewa saoneka ndi maso. Palibe mwala, palibe mpanda wa nkhadze. Amalembedwa pa mapu, mu ofesi, kutali ndi anthu oponya voti. Koma amene wagwira pensulo angathe kudziwa wopambana anthu asanaime n'komwe pa mzere.

Dera la chisankho n'chiyani?

M'maiko ambiri, monga Malawi, Zambia, Zimbabwe, Britain ndi Amereka, dziko limagawidwa m'madera. Dera lililonse limasankha phungu mmodzi wopita ku Nyumba ya Malamulo. Amene wapeza mavoti ambiri m'deralo ndiye amatenga mpando. Ngakhale apose mnzake ndi voti imodzi yokha, mpando ndi wake. Mavoti a wogonja amathera pomwepo.

Malire a madera sangakhale chikhalire. Anthu amabadwa, amamwalira, amasamuka kumudzi kupita kutauni. Dera limene linali ndi anthu ochepa limadzaza, lina limatsala mabwinja. Choncho pakapita zaka, malire ayenera kulembedwanso kuti madera akhale ndi anthu olingana. Ku Amereka amachita zimenezi zaka 10 zilizonse, akamaliza kuwerenga anthu. Kulembanso malire si mlandu ayi. Funso ndi lakuti: akulemba ndani, ndipo akufuna chiyani?

Tiyese ndi nyemba ndi chimanga

Ife a brigada yophunzitsa kuwerenga tinaona kuti nkhaniyi imavuta kuimva ndi makutu okha. Imafuna manja. Tengani nyemba 18 ndi njere za chimanga 12. Zonse pamodzi ndi 30. Mbeu iliyonse ndi munthu mmodzi woponya voti. Nyemba ndi chipani chimodzi, chimanga ndi chipani china. Tsopano jambulani mabwalo atatu pa dothi. Amenewo ndiwo madera athu. M'bwalo lililonse muyenera kulowa mbeu 10.

Poyamba, ikani nyemba 10 m'bwalo loyamba. M'bwalo lachiwiri ikani nyemba 8 ndi chimanga 2. M'bwalo lachitatu ikani chimanga 10. Nyemba zapeza mipando iwiri, chimanga mpando umodzi. Apa palibe wodandaula kwenikweni, chifukwa nyemba n'zambiri ndithu, ndipo chimanga nachonso chili ndi wochilankhulira.

Sonkhanitsani mbeu, muyambenso. M'bwalo lililonse ikani nyemba 6 ndi chimanga 4. Nyemba zapambana ponseponse. Mipando yonse itatu ndi ya nyemba. Anthu 12 a chimanga alibe phungu ndi mmodzi yemwe.

Sonkhanitsaninso kachitatu. M'bwalo loyamba unjikani nyemba 10. Zatsala nyemba 8. Zigaweni pawiri: 4 m'bwalo lachiwiri, 4 m'bwalo lachitatu. Kenaka onjezani chimanga 6 uku, 6 uku. Werengani. Nyemba zapeza mpando umodzi. Chimanga chapeza mipando iwiri. Ochepa alamulira ambiri.

Titafika pamenepa m'kalasi ina, mayi wina wachikulire anakana. Anati tabisa nyemba m'manja. Anawerenga yekha kawiri konse, napeza nyemba 18 ndi chimanga 12 monga poyamba. Palibe mbeu imene inabedwa, palibe imene inawonjezedwa. Chimene chinasintha ndi bwalo limene mbeu iliyonse inagweramo.

Machenjera ake ndi amenewa. Koyamba ndi kuunjika: adani ako uwaunjike m'dera limodzi, apambane kumeneko ndi mavoti ochuluka opanda ntchito. Kwina ndi kumwaza: otsalawo uwamwaze m'madera ambiri, kuti paliponse akhale ochepa. Palinso njira yachitatu imene sifuna nzeru zambiri. Kumene kuli anthu ako, pangako madera ang'onoang'ono ambiri. Kumene kuli adani ako, pangako dera limodzi lalikulu. Motero voti ya munthu wako imalemera kuposa ya mdani wako.

Dzina lake linachokera kuti?

M'Chingerezi chinyengo chimenechi amachitcha gerrymander. Dzinali linabadwa mu 1812 m'chigawo cha Massachusetts ku Amereka. Bwanamkubwa wa chigawocho, Elbridge Gerry, anasaina lamulo la malire atsopano okomera chipani chake. Dera lina, kumpoto kwa mzinda wa Boston, linali lalitali ndi lokhotakhota. Nyuzipepala ina ya ku Boston inalijambula ngati chilombo cha mapiko ndi zikhadabo, nilifanizira ndi salamander, kanyama kooneka ngati buluzi. Anaphatikiza dzina la Gerry ndi la kanyamako. Pa chisankho cha chaka chomwecho, otsutsa anapeza mavoti ochulukirapo pang'ono, koma chipani cha Gerry chinatenga mipando 29, otsutsa 11. Gerry mwini wake anagonja pa ubwanamkubwa, chifukwa pa mpando umenewo chigawo chonse chinkavota pamodzi, ndipo panalibe malire oti akhotetse.

Mzinda wa Derry

Tsopano tipite ku Ulaya. Tikhalitsa pa mzinda umodzi, chifukwa zimene tachita ndi mbeu pa dothi zinachitika kumeneko pa anthu enieni, ndipo madera ake analinso atatu.

Mu 1921 chilumba cha Ireland chinagawidwa pawiri. Mbali ya kumpoto, Northern Ireland, inatsala pansi pa Britain. Kumeneko kunali magulu awiri. Ena ankafuna kukhalabe ndi Britain. Ambiri mwa iwo anali Apulotesitanti, ndipo chipani chawo chinali cha Unionist. Ena ankafuna Ireland mmodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali Akatolika. Tisasokonezeke: mkanganowu sunali wa mapemphero. Unali wa ulamuliro, malo, nyumba ndi ntchito.

Mu mzinda wa Derry, umene ena amautcha Londonderry, Akatolika ndiwo anali ambiri. Mu 1920 anapambana mu khonsolo ya mzindawo. Boma la chipani cha Unionist silinakondwe. Mu 1922 linathetsa njira yogawa mipando molingana ndi mavoti, ndipo malire analembedwanso. Mu 1936 anakonzedwanso, mzinda nugawidwa m'madera atatu: la Kumwera, la Kumpoto, ndi la Waterside, kutsidya kwa mtsinje wa Foyle.

Tiyeni tiwerenge manambala a mu 1967. M'dera la Kumwera munali Akatolika ovota 10,047 ndi ena 1,138. Derali linali ndi mipando 8. M'dera la Kumpoto munali Akatolika 2,530 ndi ena 3,946. Nalonso linali ndi mipando 8. Ku Waterside kunali Akatolika 1,852 ndi ena 3,697, mipando 4. Tikaphatikiza, Akatolika ovota anali 14,429, ena 8,781. Koma mu khonsolo, a Unionist anali ndi mipando 12, anzawo 8.

Mwaziona nyemba zathu zija? Zaunjikidwa Kumwera. Zotsala zamwazidwa Kumpoto ndi ku Waterside, kumene sizingapambane. Ndipo njira yachitatu ilinso pomwepo: dera la Kumwera, la anthu oposa 11,000, linali ndi mipando yofanana ndi la Kumpoto, la anthu osafika 6,500.

Wina anganene kuti: nanga ife alimi ndi antchito, za mipando ya khonsolo zitikhudza bwanji? Tamverani. Khonsolo ndiyo inkagawa nyumba za boma. Khonsolo ndiyo inkalemba anthu ntchito zambiri za mu mzinda. Ndipo pa chisankho cha khonsolo, si munthu wamkulu aliyense amene ankavota. Ankavota mwini nyumba kapena wochita lendi, pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake. Mnyamata wa zaka 25 wokhala m'nyumba ya makolo ake analibe voti. Pamene eni makampani anali ndi mavoti owonjezera. Choncho kupatsa banja nyumba kunali kulipatsa mavoti awiri.

Apa ndi pamene malire a pa pepala anasanduka khoma. Banja la Chikatolika silikanapatsidwa nyumba Kumpoto, chifukwa likanasokoneza masamu. Linayenera kupatsidwa Kumwera basi. Malo omangapo nyumba Kumwera atachepa, mabanja anangodikira. Anthu anapanikizana m'nyumba zakale zachinyontho za ku Bogside, mabanja angapo m'nyumba imodzi. Ana anakulira m'zipinda zothinana, osati chifukwa mzinda unalibe malo, koma chifukwa mapu sanalole.

Anthu anatopa. Pa 5 Okutobala 1968 anayenda mu msewu kufuna nyumba, ntchito ndi voti yolingana kwa munthu aliyense. Apolisi anawamenya ndi zibonga, ndipo zithunzi zake zinaonetsedwa pa televizhoni m'maiko ambiri. Mu 1969 khonsolo ija inachotsedwa. Mu 1973 kunachitika chisankho cha makhonsolo ndi malire atsopano, mipando ikugawidwa molingana ndi mavoti, ndipo a Unionist sanalamulirenso Derry. Koma pofika nthawi imeneyo moto unali utayaka kale. Nkhondo ya ku Northern Ireland inatha zaka pafupifupi 30, mpaka pangano la mtendere la mu 1998, ndipo inapha anthu oposa 3,500. Sitikunena kuti malire okha ndiwo anabala nkhondoyo. Zifukwa zinali zambiri. Koma munthu amene wavota zaka 40 naona kuti voti yake siisintha kanthu, tsiku lina amasiya kukhulupirira bokosi.

Mmene tsankho linalowera m'boma ku South Africa

Nkhani yachiwiri ili pafupi nafe. Amuna ambiri a dziko lathu anapita Kujoni kukagwira ntchito m'migodi, ndipo anauona ulamuliro wa tsankho wa apartheid ndi maso awo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti chipani chimene chinabweretsa apartheid sichinapeze mavoti ambiri, ngakhale pakati pa ovota ochepa a nthawi imeneyo.

Chinyengo chachikulu chinali poyera: anthu akuda, eni dziko ndiponso ochuluka, sankaloledwa kusankha boma. Ochepa a ku Cape amene anali ndi voti anachotsedwa pa kaundula wa onse mu 1936, napatsidwa azungu atatu oti aziwalankhulira. Chimenecho sichifuna masamu kuti munthu achione.

Koma panalinso china chobisika m'malamulo. Pamene dziko la South Africa linapangidwa mu 1910, lamulo linalola kuti madera asalingane. Ngati dera loyenera lili ndi ovota 100, dera la kumidzi likanatha kukhala ndi 85 okha, pamene la m'tauni likanafika 115. Ankati kumidzi mitunda ndi yaitali, phungu amavutika kuyendera anthu ake. Chifukwacho chimamveka bwino. Koma kumidzi ya azungu ndi kumene kunali mphamvu ya chipani cha National cha Daniel Malan. M'matauni munali mphamvu ya chipani cha United cha Jan Smuts, ndipo kumeneko chinkapambana ndi mavoti ochuluka opanda ntchito, monga nyemba 10 zija m'bwalo limodzi.

Chisankho chinachitika pa 26 Meyi 1948. Mwa mavoti 100 aliwonse, chipani cha Smuts chinapeza pafupifupi 49, cha Malan pafupifupi 38. Koma Malan anapeza mipando 70, Smuts 65. Kachipani kena kogwirizana ndi Malan kanawonjeza mipando 9, ndipo Malan anakhala nduna yaikulu. Tinene zoona: chipani cha Smuts nachonso sichinali bwenzi la munthu wakuda. Tsankho linalipo kale. Koma ndi boma la Malan limene linaliika m'malamulo a apartheid: kulemba munthu aliyense m'kaundula wa khungu lake, kugawa malo okhala potsata khungu, kuletsa maukwati a anthu a mitundu yosiyana.

Atalowa, anakhoma chitseko. Mu 1949 anapereka mipando 6 kwa azungu ochepa a ku South West Africa, dziko limene lero ndi Namibia. Mu 1950 mipando yonse 6 inapita kwa chipani cha National. Mu 1956 anachotsa anthu a makaladi pa kaundula wa onse. Chipanicho chinalamulira mpaka 1994. Ndipo pa chisankho choyamba cha anthu onse, mu 1994, South Africa inasiya njira ya madera a phungu mmodzi, nitenga yogawa mipando molingana ndi mavoti.

Pensulo yasanduka kompyuta

Ku Amereka, kumene dzina lija linabadwira, mchitidwewu sunathe. Mu 1957 malire a tauni ya Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, anasinthidwa. Tauni imene inali ndi mbali zinayi inakhala ndi mbali 28. Mwa anthu akuda ovota pafupifupi 400, anatsala m'kati mwa malire ndi anayi kapena asanu okha. Mzungu ndi mmodzi yemwe sanatulutsidwe. Anthuwo sanasamuke. Anagona m'tauni, nadzuka ali kunja kwa tauni. Mu 1960 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula mowakomera.

Masiku ano olemba malire amagwiritsa ntchito kompyuta. Amadziwa mmene msewu uliwonse unavotera, ndipo amayesa mapu ambirimbiri kufikira atapeza owakomera. Mu 2016, m'chigawo cha North Carolina, chipani cha Republican chinapeza mavoti pafupifupi 53 mwa 100 aliwonse, koma chinatenga mipando 10 mwa 13. Ku Maryland a chipani cha Democratic anakhotetsanso malire mowakomera iwo. Milandu yonse iwiri inafika ku bwalo lalikulu, ndipo mu 2019 bwalolo linati makhothi a boma lalikulu alibe mphamvu yoweruza malire okondera chipani. Tizindikire apa kuti matendawa si a chipani chimodzi. Amagwira aliyense amene wasiyidwa yekha ndi mapu.

Nanga kwathu kuno?

Kuno ku Mozambique, kuyambira chisankho cha zipani zambiri cha mu 1994, aphungu sitiwasankha mmodzimmodzi m'madera ang'onoang'ono. Nyumba ya Malamulo, Assembleia da República, ili ndi mipando 250. Chigawo chilichonse, monga Tete, Niassa kapena Zambézia, ndi dera limodzi lalikulu la mipando yambiri, ndipo mipandoyo imagawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti. Mipando iwiri ndi ya abale athu okhala kunja kwa dziko. Pa njira imeneyi kuunjika ndi kumwaza sikugwira ntchito kwenikweni. Nyemba 18 ndi chimanga 12 zikakhala m'bwalo limodzi la mipando 5, nyemba zimapeza itatu, chimanga iwiri.

Komabe tisagone tulo. Kuchuluka kwa mipando ya chigawo kumadalira chiwerengero cha anthu amene alembetsa kuti avote. Chigawo cholembetsa ambiri chimapeza mipando yambiri, ndipo mipandoyo imachoka ku zigawo zina, pakuti yonse ndi 250 basi. Mu 2019 panabuka mkangano waukulu pa nkhani imeneyi. Ku Gaza kunalembetsedwa ovota oposa 1,100,000, pamene ofesi ya boma yowerenga anthu, Instituto Nacional de Estatística, inati akuluakulu a msinkhu wovota m'chigawocho anali ochepera pamenepo ndi anthu oposa 300,000. Mipando ya Gaza inakwera kuchoka pa 14 kufika pa 22, pamene ya Nampula ndi Zambézia inatsika. Anthu amene anazindikira nkhaniyi analibe mfuti kapena mankhwala. Anaika manambala awiri pambali pa anzake, nachotsera.

Choncho kalembera wa chisankho akafika m'mudzi, tipite tonse, amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana a zaka 18. Mudzi wosalembetsa umachepetsa mipando ya chigawo chake. Kaundula akapachikidwa, tisangofuna dzina lathu lokha n'kubwerera. Tione ngati muli mayina a anthu amene tinawaika m'manda kale, kapena a anthu amene sitinawaonepo m'mudzi mwathu. Tikamva kuti malire a tauni kapena a boma lathu akusinthidwa, tifunse pa msonkhano: midzi iti ikulowa, iti ikutuluka, muli anthu angati, ndipo mapu awa tingawaone kuti? Kale atsamunda ankalemba malire ku Ulaya ife osadziwa, chifukwa anatimana sukulu. Amene waphunzira zilembo ndi manambala ali ndi ufulu woitanitsa mapu ndi kuwayala pa mphasa.

Ntchito ya mawa

Aliyense abwere ndi kope lake ndi pensulo. Tidzatenga manambala a ku Derry aja. M'dera lililonse tidzaphatikiza ovota onse, kenaka tidzagawa ndi mipando ya deralo, kuti tione kuti mpando umodzi unkafuna anthu angati Kumwera, angati Kumpoto, angati ku Waterside. Amene sanafike pa masamu ogawa asade nkhawa, adzakhala ndi anzawo awiriawiri. Mubwerenso ndi nyemba ndi chimanga, koma ulendo uno nyemba 30 ndi chimanga 20. Mabwalo adzakhala asanu, ndipo pensulo tidzaipereka kwa a chimanga.